Njinga Yamoto Imene Inafa ku England na Kuukila ku Madras

Makolo athu anaicha njinga yamoto kuti mthuthuthu potengela kalilidwe kake. Koma tikaimilila m'mbali mwa Great East Road m'mawa na kuchela khutu, palibe njinga imene ikamba kuti thu-thu-thu. Ma Boxer na ma TVS amene apeleka cakudya na maphasolo mu Lusaka amalila monga makina osokela zovala. Kulila kwa m'dzina lija, kolemela, kwakuti ungawelenge kugunda kulikonse, ni kwa njinga za silinda imodzi yaikulu monga zimene zinali kupangidwa ku Britain kale. Ambili a ise tinakumvela koyamba pa foni, m'mavidiyo a anyamata a ku India amene akwela mapili pa Royal Enfield.

Tikaiona njingayo, mtima umadyokoka. Thanki yobulungila, nyali yozungulila, zitsulo zonyezimila, zonse monga cithunzi ca ambuya athu ali acinyamata. Ena a ise ayamba kale kuwelengela kuti angasunge ndalama kwa miyezi ingati. Koma tisanatulutse ndalama zimene tavutikila, tifunika kudziwa zimene njinga imeneyi ikwanitsa kucita pa mseu weniweni na zimene siikwanitsa. Yankho tilipeza m'mbili yake. Kampani imene inaiyambitsa inafa, ndipo imene inaitenga inatsala pang'ono kufa, zonse ziwili pa cifukwa cimodzi.

Kucoka ku singano kufika ku cipolopolo

Nkhani iyambila m'tauni ya Redditch, pafupi na Birmingham ku England. Tauniyi inali yodziwika na kupanga singano na mbedza zowedzela nsomba, ndipo kampani imene tikambapo inayambila pa singano zomwezo isanayambe kupanga njinga zochova. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1890, inapatsidwa nchito yopangila tuzitsulo fakitale ya boma ya mfuti imene inali ku Enfield, kumpoto kwa London. Ndiye kumene kunacokela dzina la Royal Enfield, cizindikilo ca mzinga, na kudzitama kwao kwakuti njinga zao zipangidwa monga mfuti.

Njinga yao yoyamba ya injini inatuluka mu 1901. Injiniyo inali pamwamba pa wilo lakutsogolo, ndipo lamba wamtali wacikopa ndiye anali kuzungulutsa wilo lakumbuyo. Dzina lakuti Bullet, kutanthauza cipolopolo, linabwela mu 1932. Pa nkhondo yaciwili ya padziko lonse, kampaniyi inapangila asilikali a Britain njinga zambili. Pakati pa izo panali kanjinga ka 125cc kochedwa Flying Flea, kamene anali kukaika m'kakhola kacitsulo na kukagwetsa pa palachuti pamodzi na asilikali.

Bullet imene maonekedwe ake tiwadziwa lelo inabadwa mu 1948. Panthawiyo njinga zambili zinalibe masipulingi kumbuyo. Wilo linali kumangidwa ku felemu mwacindunji, ndipo mwala uliwonse wa pamseu unali kufika ku msana wa wokwela. Akatswili a ku Redditch anaika wilo lakumbuyo pa mkono wacitsulo umene ukwela na kutsika, wogwilidwa na mashoko awili. Lelo ngakhale njinga yochipa ili nazo zimenezi, koma nthawi imeneyo okwela ambili a mipikisano ya m'thengo anali kukhulupilila kuti felemu youma ndiye igwila bwino pansi. Caka cimeneco, ma Bullet awili anali m'timu ya Britain imene inapambana mpikisano wa International Six Days Trial ku Italy, ndipo mu 1949 njingayi inayamba kugulitsidwa. Pambuyo pake Johnny Brittain anapambana nayo mpikisano wa Scottish Six Days Trial mu 1952 na mu 1957.

Tione bwino mtundu wa mipikisano imeneyi. Wopambana si uja amene athamanga kuposa anzake pa tala wosalala. Njinga imafunika kupita m'matope, pamiyala na m'tumitsinje kwa masiku 6 osagonja. Conco kucokela paciyambi, mbili ya Bullet inamangidwa pa kupilila njila zoipa. Za liwilo zinali za njinga zina.

Ulendo wa ku Madras

Dziko la India litalandila ufulu mu 1947, linali na malile aatali ofunika kulonda, kuyambila kumapili a Kashmir kufika kucipululu ca Rajasthan. Mumzinda wa Madras, umene lomba uchedwa Chennai, munali kampani ya Madras Motors imene inali kuitanitsa njinga za ku Britain kuyambila mu 1949. Kuciyambi kwa m'ma 1950, asilikali a India anagula ma Bullet 350 mahandiledi angapo kupitila mwa kampaniyi, ndipo anakhutila nawo. Mu 1955, a ku Redditch na a Madras Motors anagwilizana kupanga kampani ya Enfield India, na kumanga fakitale ku Tiruvottiyur, m'mphepete mwa mzindawo. Poyamba anali kungolumikiza zitsulo zobwela m'mabokosi kucokela ku England. Ndiyeno anagula makina opangila zitsulozo, ndipo pofika mu 1962 mbali zonse za njingayi zinali kupangidwa ku India. Caka cimeneco comweco, a ku Redditch analeka kupanga Bullet ya mtundu umenewu.

Pamene a ku Madras anali kuphunzila kusungunula na kusula zitsulo, ku England zinthu zinali kupita pansi. Mu 1958, kampani ya Honda ya ku Japan inatulutsa Super Cub, kanjinga kopepuka kamene aliyense angakwele. Pofika mu 2017 anali atapanga tunjinga tumenetu topitilila 100 miliyoni. Mu 1969 anatulutsanso CB750, ya masilinda anayi, yoliza na batani, ya buleki ya disiki kutsogolo. Njinga za ku Japan zinali kulila m'mawa uliwonse ndipo sizinali kusiya dontho la oilo pakhonde. Za ku Britain zinali zokongola, koma mwiniwake anali kufunika kukhala makanika theka. Mafakitale awo anacedwa kugula makina atsopano, ndipo anapitiliza kugulitsa mainjini amene anajambulidwa zaka zambili kumbuyo. Ogula anasamuka. Fakitale ya ku Redditch inatsekedwa mu 1967, ndipo njinga zothela za Royal Enfield ya ku England zinapangidwa mu 1970 ku Bradford on Avon. BSA, imene panthawi ina inali kampani yaikulu kwambili ya njinga zamoto padziko lonse, inagwa patapita zaka zocepa. Ngakhale kuno kwathu, dzina limene linatsala m'kamwa mwa anthu ni la opambana. Ambili akaona njinga yamoto iliyonse amangoti honda.

Ku India, Bullet inapulumuka cifukwa inali mumpanda. Boma linali kuletsa katundu wambili wakunja, ndipo kampani inali kufunika laisensi ya boma kuti ipange cinthu. Opikisana nayo anali ocepa: ma Jawa, ma Rajdoot na masikuta a Bajaj. Conco fakitale ya ku Madras inapitiliza kupanga njinga ya 1955 caka na caka, kungosintha tocepa. Mu 1977 inayamba kutumiza ma Bullet ku Britain, kwa anthu amene anali kuyewa njinga za pa unyamata wao. Umu ndiye mmene Bullet inakhalila njinga yacikale. Palibe amene anakhala pansi kuti aipange yooneka yakale. Inangokhala mmene inalili pamene zinzake zonse zinali kusintha.

Kukhala na Bullet yakale

Kodi umoyo wa mwini Bullet yakale unali bwanji? Injini yake inali ya 346cc, ya silinda imodzi yacitsulo colemela, ya mphamvu pafupifupi 18 hp na magiya anayi. Giya inali ku mwendo wamanja ndipo buleki yakumbuyo inali kumanzele, mosiyana na njinga zimene tinaphunzililapo ise. Munthu wozolowela Boxer akanaikwela, galu akamudutsila mwadzidzidzi akanaponda giya poganiza kuti ni buleki. Pa bokosi la magiya panalinso kacitsulo kapadela koponda na cidendene, kobwezela njinga ku neutral ukaima.

Kuiliza kunali mwambo. Batani panalibe. Wokwela anali kukoka kacitsulo ka pa handulo kamene katulutsa mpweya mu silinda, na kutsitsa kiki pang'ono-pang'ono uku ayang'ana kasingano ka mita ya magetsi. Kasinganoko ndiye kanali kumuuza kuti pistoni yafika pamalo oyenela. Ndiyeno anali kuponda kiki kamodzi na thupi lonse. Akalakwitsa, kiki inali kubwelela mwamphamvu mpaka kumupweteka mwendo. Oilo inali kudontha polumikizila injini. Mabauti anali kumasuka cifukwa ca kunjenjemela. Mabuleki a dilamu anali ofooka pa njinga yolemela conco, ndipo wokwela anali kufunika kuona patali na kuyamba kuima mwamsanga.

Nanga n'cifukwa ciani asilikali, apolisi, alimi na ogulitsa mkaka a ku India anaikonda kwa zaka zonsezo? Cifukwa coyamba cili mkati mwa injini. Pistoni yake ni ya 70 mm m'lifupi, koma iyenda mtunda wa 90 mm pokwela na potsika, ndipo izungulutsa citsulo colemela cimene cikayamba kuzungulila sicifuna kuima. Injini yotelo siikonda kuzungulila mofulumila, koma ikoka mwamphamvu olo izungulila pang'ono-pang'ono, monga ng'ombe pa ngolo. Pakati pa kuphulika kwa mafuta kumodzi na kwina pamakhala kampata kakuti khutu likamva. Ndiye thu-thu-thu uja. Wogulitsa mkaka anali kumangilila zigubu mbali zonse ziwili, kuika giya yapamwamba, na kuyenda pa mseu wafumbi popanda kusintha-sintha magiya.

Cifukwa caciwili cinali m'mbali mwa mseu. Popeza njingayi siinasinthe kwa zaka makumi angapo, makanika wa m'tauni iliyonse anali kuidziwa pamtima. Masipanala ocepa anali kukwana kuimasula yonse, ndipo sipeya ya njinga ya atate inali kukwana pa njinga ya mwana. Inali kuwonongeka kawili-kawili, koma siinali kukhalitsa pagalaji. Cikondi cimene anthu anali naco pa njingayi cinafika patali. Pafupi na tauni ya Pali ku Rajasthan kuli kacisi wa m'mbali mwa mseu kumene apaulendo amaima kulemekeza Bullet 350 ya mwamuna wina amene anafela pangozi pamalopo.

Imfa yaciwili imene inalepheleka

Mpanda uja unayamba kugwa m'ma 1980, pamene boma la India linalola makampani a ku Japan kugwilizana na a m'dzikolo. Suzuki inagwilizana na TVS, Honda na Hero, Yamaha na Escorts, ndipo Kawasaki na Bajaj. Mu 1985 kunatuluka Hero Honda CD100, kanjinga ka 100cc kakumwa mafuta ocepa maningi komanso kosavuta kuliza. Cimene cinapha fakitale ya ku Redditch cinali citafika pakhomo pa ya ku Madras. Munthu wopita ku nchito tsiku lililonse analibenso cifukwa colimbana na kiki yobwelela. Ma Boxer na ma TVS amene adzala m'misewu ya Lusaka na Chipata ni adzukulu a mgwilizano wa nthawi imeneyo.

Mu 1994, kampani ya Eicher, yopanga mathilakita na malole, inagula Enfield India. Zinthu sizinakhale bwino mwamsanga. Pofika mu 2000 anali kugulitsa njinga pafupifupi 2,000 pa mwezi, pamene anali na mphamvu yopanga 6,000, ndipo akulu-akulu a kampani anali kukambilana zoitseka kapena kuigulitsa. Siddhartha Lal, mwana wa m'banja la eni kampaniyo, amene anali asanafike zaka 30 ndipo nayenso anali wokwela Bullet, anapempha kuti amupatse mpata.

Funso limene anali nalo linali lovuta. Akasiya njingayo mmene inalili, ogula atsopano sangabwele. Akaisintha kwambili, ataya akale na dzina lomwe. Cimene anacita ni kusunga khungu na kusintha za mkati. Giya inasamukila kumanzele monga pa njinga zina zonse. Magiya anakhala asanu. Batani lolizila linabwela. Pothela pake anapanga injini yatsopano ya aluminiyamu imene injini, kilachi na magiya zili m'bokosi limodzi, kuti polumikizila pacepe ndipo oilo isapeze potulukila. Okonda Bullet yakale anadandaula kuti kulila kwasintha ndipo njinga yatha mzimu. Koma mu 2009 kampaniyi inatulutsa Classic 350 na Classic 500 ku India, zovala maonekedwe a njinga za ku Redditch za ca m'ma 1950, ndipo acinyamata anazithamangila mpaka kumayembekezela miyezi kuti alandile. M'caka ca malonda ca 2017 mpaka 2018, kampani imene inali pafupi kutsekedwa inagulitsa njinga zopitilila 800,000. M'caka cimene cinatha mu March 2025 inapitilila 1 miliyoni.

Apa pali kusiyana kumene tifunika kukugwila. Bullet yakale inali yakale kunja na mkati. Classic ni njinga ya masiku ano imene yavala jekete ya ambuya.

Zimene icita pa mseu

Lomba tiyeni pa manambala. Classic 350 imene inagulitsidwa kuyambila 2009 kufika 2021 inali na injini ya 346cc na mphamvu yocepelako pang'ono pa 20 hp. Pa liwilo la makilomita 70 kapena 80 pa ola inali kuyenda mokoma. Ukapitilila 90, kunjenjemela kunali kubwela m'mahandulo na popondela, magalasi nkumangoonetsa nkhungu, ndipo pa ulendo wautali manja anali kucita dzanzi. Aliyense amene aganiza zogula yakale ya mtundu umenewu afunika kudziwa zimenezi, cifukwa si matenda amene makanika angacilitse. Ni mmene injiniyo inapangidwila.

Mu 2021 kunatuluka Classic 350 ya injini ina ya 349cc. Mkati mwake anaikamo citsulo cozungulila cimene cilimbana na kunjenjemela kwa pistoni, ndipo vuto lija linacepa kwambili. Koma mphamvu siinasinthe kwenikweni: ni 20.2 hp. Kukoka kwake, kumene pa mapepala amalemba kuti torque, ni 27 Nm, ndipo kumafika pacimake injini ikali kuzungulila pang'ono, pa 4,000 pa mineti. Njingayi ilemela makilogilamu 195 na mafuta omwe. Ukaipanikiza mpaka pothela imafika ca m'ma 115 pa ola, koma pamene imamasuka ni pakati pa 80 na 100.

Kuti manambalawa amveke, tiwaike pambali pa ena. KTM 390 Duke ya 373cc, imene nayonso inali kupangidwa ku India, ili na mphamvu yopitilila 40 hp. Injini zilingana kukula, koma mphamvu ni kuwilikiza kawili. Kumbali ina, Boxer 150 ili na pafupifupi 12 hp, koma ni yopepuka na makilogilamu pafupifupi 70 poyelekezela na Classic. Mumpanipani wa mamotoka pa Lumumba Road madzulo, wa Boxer amalowa na kutuluka m'tumipata pamene wa Classic akali kuganiza mopotolela. Makilogilamu 195 samveka ukamayenda pa tala, ndipo amathandiza kuti mphepo ya lole yodutsa isakukankhe. Amamveka pamene ufuna kubwelela cam'mbuyo pa kamtunda, pamene wilo lalowa mumcenga, kapena pamene njinga yagwa m'matope a mu Januwale ndipo uli wekha.

Palinso nkhani ya kukwela kwa malo. Manambala a pa pepala amapimidwa monga kuti njinga ili m'mbali mwa nyanja yamcele. Injini imene ilibe turbo imataya pafupifupi 3 pelesenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse amene wakwela, cifukwa mpweya umacepa. Lusaka ili pa mamita pafupifupi 1,300. Conco 20 hp ija kuno ikhala ca m'ma 18. Ukanyamula mnzako kumbuyo na cola, ndipo ufuna kupitilila lole pa zitunda za kufupi na mlato wa Luangwa, ufunika kuona mseu wautali kutsogolo usanatuluke. Njingayi siidumpha ukapotola mafuta, imasonkhanitsa liwilo pang'ono-pang'ono.

Izi zitithandiza kumvetsa mavidiyo aja a ku Ladakh, kumene misewu ikwela kupitilila mamita 5,000. Kumeneko injini imatsala na mphamvu yocepa kwambili, ndipo okwela amayenda pang'ono-pang'ono pa giya yaciwili kapena yacitatu. Cimene mavidiyowo aonetsa n'cakuti njingayi imafika. Ni cimodzimodzi cimene inaonetsa ku Italy mu 1948.

Pa mafuta, eni ake ambili amapeza makilomita 30 mpaka 35 pa lita. Thanki ni ya malita 13, kutanthauza makilomita 400 kapena kupitililako pang'ono. Kucoka ku Lusaka kufika ku Chipata ni makilomita pafupifupi 570, conco tifunika kuthila ku Nyimba kapena ku Petauke. Pa liwilo la 90, kuphatikizapo kupuma, ni ulendo wa tsiku lathunthu. Boxer imamwa mafuta ocepelapo, ndipo kwa munthu amene njinga ni nchito yake, kusiyana kumeneku kumaoneka m'thumba pakutha kwa mwezi. Ma Classic ambili ali na mawilo a masipoko okhala na chubu mkati. Masipoko amapilila maenje ndipo akapindika amawongoleka, koma msomali ukalasa tayala, ufunika kucotsa wilo lonse kuti umate chubu.

Cimene sicilembedwa pa pepala

Tabwelela ku cifukwa caciwili cija, ca m'mbali mwa mseu. Bullet inakhala na moyo ku India cifukwa kulikonse kumene ingafele, panali munthu woidziwa na sitolo ya masipeya. Ubwino umenewo sunali mu njinga yokha. Unali m'dziko limene njingayo inali kuyendamo, ndipo sukwela sitima pamodzi na njinga.

Classic ya masiku ano ilibe kabyuleta. Mafuta amapopedwa na kapampu ka magetsi, ndipo kakompyuta ndiye kapima kuculuka kwake. Ya 2021 ilibe na kiki yomwe. Izi zicititsa kuti ilile bwino m'mawa wa mu Juni ndipo isamavute kawili-kawili. Koma batile ikafooka, kapena mafuta a m'cigubu ca m'mbali mwa mseu akatseka kapampu, sipanala yokha siikwana. Pafunika munthu wodziwa magetsi a njinga na kacipangizo kowelengela kakompyutako. Kuno kwathu, njinga imene ili pamalo amene Bullet inali ku India ni Boxer. Ndiyo imene makanika wa pansi pa mtengo aidziwa pamtima, ndipo masipeya ake apezeka pamsika. Zioneka zoseketsa, koma mdzukulu wa njinga zimene zinatsala pang'ono kupha Bullet ndiye wagwila udindo wake pakati pathu.

Sitikamba kuti Classic ni cikome-kome ca mkuyu. Mkati mwake mulibe nyelele. Ni njinga yoona mtima, yokhazikika pa mseu, ya mpando wabwino, imene icita zimene makolo ake anali kucita: kukoka mofatsa na kufika. Anthu mamiliyoni amene anaigula ku India sanapusitsidwe. Ndipo kupambana kwake kwacititsa kuti mayina ena akale a ku Britain abwelele kupitila ku India komweko. BSA lomba ili m'manja mwa kampani ya gulu la Mahindra, TVS inagula Norton mu 2020, ndipo kuyambila mu 2023 Bajaj ndiye ipanga ma Triumph a 400cc. Njinga za maonekedwe acikale ziculukila-culukila, ndipo tidzayamba kuziona kwambili m'misewu yathu.

Koma amene afuna liwilo lakuti asiye anzake pa maloboti adzakhumudwa nayo pa wiki yoyamba. Amene afuna njinga yopezela ndalama adzaona kuti alipilila citsulo na mafuta zimene nchito yake siifuna. Imayenela munthu amene akonda kuyenda pa 80 kapena 90, amene afuna kupita ku Siavonga pa Ciwelu na kubwelako pa Sondo, ndipo ali na njila ina yofikila ku nchito ngati sipeya yacedwa kubwela.

Safunsa anadya phula. Tisanapeleke ndalama, tifunse wogulitsa kuti ni injini iti, ya 346cc kapena ya 349cc, cifukwa kunja zifanana koma pa 100 pa ola ni njinga ziwili zosiyana. Tifunse kumene tidzagula sefa ya oilo, cheni na mabuleki, komanso kuti zimatenga masiku angati kufika. Tipeze makanika amene anaigwilapo kale, timuone na maso. Tione ngati laisensi yathu itilola kukwela njinga yopitilila 125cc, ndipo pa bajeti tisiyeko ya helemeti yabwino, magolovesi na nsapato zotseka akakolo. Ndiyeno tipemphe kuikwela. Tiikankhe cam'mbuyo injini ili yozima, tiipotoloze pa kamseu kopanikiza, tiipititse pa 80, ndiyeno pa 100, uku tiyang'ana m'magalasi ngati motoka ya kumbuyo ioneka bwino. Tikatsika, manja na msana zidzatiuza zimene vidiyo siinatiuze.